Mlamu Wanga Anatsala Kuchipululu

Kwathu kuno dziko lonse la kum'mwera amangolitcha Joni. Munthu akamva kuti ndinakhalako zaka zingapo amayamba kundifunsa za nyumba zosanjikizana ndi masitima. Joni weniweniyo ndinangomuonera pawindo la basi. Kumene ndinagwira ntchito kunali kutali, kuchipululu, dziko la miyala ndi mitengo ya minga. Kumeneko mtsinje ndi dzina chabe: mlatho ulipo, chikwangwani chilipo, koma ukasuzumira pansi ndi mchenga wokhawokha.

Tinanyamuka awiri, ine ndi mlamu wanga Gelesomu, mlongo wake wa mkazi wanga Esinati. Ine ndinali pachikamwini kwa Njombwa, ndipo minda yathu ya fodya inali yogundana malire. Chaka chimenecho makuponi a fetereza anabwera ochepa. Dzina langa silinatuluke, la Gelesomu linatuluka, ndipo thumba lakelo tinagawana mabanja atatu, kuyeza ndi mbale. Fodya anachita kupyapyala. Ku okushoni mabelo athu anawabweza, ndipo atagulidwa ulendo wachiwiri ndalama zonse zinathera kwa mwini thiraki.

Tikugwetsa mapesi a fodya m'munda, Gelesomu anaima n'kutsamira khasu.

"Alamu, tidzalimira eni mathiraki mpaka liti? Tiyeni tikaone kumene anzathu akutenga malata."

Anali wamng'ono kwa ine, wanthabwala, woti pamaliro pomwe anthu ankamukhazika kutali kuopa kuseka. Mkazi wake Naphiri anamutenga ku Mtunthama, anali naye ndi ana, ndipo anali atayamba kumumangira nyumba ya njerwa zootcha. Tsiku lonyamuka Naphiri ndi Esinati anatiperekeza mpaka kumsewu atatisenzera zikwama. Apongozi, mayi awo a Esinati ndi Gelesomu, anatsala pakhonde. Sanafune kuona mwana wawo akukwera galimoto.

Ntchito anatipezera a Zgambo, bambo wachikulire wa kumpoto kwa Kasungu, amene anali kapitawo pa famu ina ya mbatatesi. Analankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo mawu awo oyamba kwa ife sanali moni.

"Ŵana ŵane, kuno maji ghakusuzga. Ukataya ndalama ndikukhululukira. Ukataya madzi, ndikumenya ndekha."

Famuyo inali yodabwitsa. Pakati pa dziko loyera mbee ndi dzuwa panali minda yozungulira ngati malichero, yobiriwira biriwiri. Pamunda uliwonse pankayenda chipaipi chachitali cha mateyala, chikuwaza madzi ngati mvula ya mawawa. Mvula yeniyeni inkagwa mwa apo ndi apo, ndipo ikagwa nthaka inkauma tisanamalize kuthokoza. Madzi onsewo ankachokera pansi, m'zitsime zobowola ndi makina, zakuya koti ukaponyamo mwala sumva pamene wafikira. Ine anandiika m'gulu losamalira mapampu ndi mapaipi. Gelesomu anamuika kumunda, kukumba mbatatesi ndi kusenza matumba.

Tinkagona m'chishedi chachitali cha malata, pamodzi ndi anthu a ku Zimbabwe, a ku Mozambiki ndi a ku Lesotho. M'mawa kunkazizira mpaka zala kukanika kumanga nsapato, masana malata aja ankatentha ngati chiwaya. Mbatatesi inkamwa tsiku lonse, koma mpope wa kukomboni ankautsegula m'mawa mokha, aliyense n'kutunga chigubu chimodzi. M'chigubumo ndimo munali kumwa, kuphika, kusamba ndi kuchapa. Tinaphunzira kusamba ndi kansalu konyowa ngati odwala a m'chipatala.

"Alamu," anatero Gelesomu tsiku lina akupukuta m'khwapa, "ndikadzabadwanso ndidzakhale mbatatesi. Onani mmene akuisamalira."

Lamulungu tinkasonkhana Amalawi tonse kuseri kwa shedi, kuimba nyimbo za kutchalitchi, a Zgambo n'kutipempherera. Tikatha tinkakwera kachulu kena kamene foni inkagwira, kuimbira kumudzi. Ndalama tinkatumiza kudzera kwa madalaivala onyamula katundu. Esinati ankandiuza kuti wagula malata, wagula fetereza wa kusitolo osadikira kuponi, mwana wathu Tiyanjane wayamba sukulu. Gelesomu akatsika pachulupo ankabwera akuvina.

"Khoma lafika pamawindo, alamu! Naphiri akuti anthu akumaima pamsewu kuonerera."

Amene tinali kumapampu ndife tinayamba kuona kuti zinthu sizili bwino. Pampu inkayamba kutsokomola, kulavula mchenga, kenako mpweya wokhawokha. Zikatero tinkazula mapaipi onse, kulumikiza ina, n'kuitsitsa pansi kwambiri. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Mafamu oyandikana nawo ankachitanso zomwezo, aliyense kuthamangitsa madzi amene ankathawira pansi. Ndinafunsa a Zgambo kuti madziwo akupita kuti.

"Sakupita kulikonse, tikumwa ndife. Pansipa pali ngati nkhokwe imene makolo anadzaza kalekale. Aliyense akutapamo, wothiramo palibe."

Kuseri kwa waya wa famu kunali mudzi wa eni dziko, anthu oweta mbuzi ndi abulu. Anali ndi zitsime zawo zakale, zokumba ndi manja, zomanga ndi miyala m'mbali, zimene anasiya agogo awo. Zonse zinauma. Amayi ankabwera kuwaya ndi zigubu, kungoima chete kuyang'ana chipaipi chija chikuthirira mbatatesi. Panali mayi wina wamkulu amene tinkangomutcha Mma, monga amaitanirana kumeneko. Gelesomu anapalana naye ubwenzi osadziwa chilankhulo chake. Paipi ikadontha pafupi ndi waya, iye ankatchera chitini, n'kukapatsira mayiyo poweruka.

Kenako kunabwera anthu a boma oona za madzi. Anayenda chitsime ndi chitsime, akutsitsamo chingwe choyezera, ndipo pomaliza anaitanitsa msonkhano pashedi yosankhira mbatatesi. Analankhula anali mayi wachitsikana, a Zgambo n'kumatimasulira motsitsa mawu. Anati lamulo la dzikolo likuti madzi a pansi pa nthaka si a mwini munda, ndi a anthu onse, ndipo wofuna kupopa ayenera kukhala ndi chilolezo chonena mlingo wake. Anati famu yathu inabowola zitsime zina popanda chilolezo, ndipo zimenezo azitseka. Zotsalazo aziika mamita.

Bwana wathu, mzungu wamtali amene tinkamutcha Chipewa, anafiira mpaka m'khosi. Anati chitsime choyamba anabowola ndi bambo ake dziko lisanadziwe kuti kuno kungamere kanthu. Anatiloza ife.

"Nanga awa? Mukatseka madzi, mukawadyetsa ndinu?"

Mayi wa boma uja anayankha mosakweza mawu. Anati akapanda kutseka lero, madzi adzadzitseka okha, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala famu, sipadzakhala mudzi. Ine ndinakhala pathumba la mbatatesi ndikumva ngati onse awiri akunena zoona. Gelesomu yekha anaomba m'manja, mpaka a Zgambo anamuponda phazi.

Zitsime zija anazithira simenti pakamwa. Minda ina inayamba kufiira, ndipo pasanapite nthawi anthu a kumunda ambiri anauzidwa kuti ntchito yatha. Ine ndinatsala chifukwa mapampu otsalawo ankafunabe anthu. Gelesomu anali m'gulu lochotsedwa.

Ndinamuuza kuti abwerere kumudzi, ine ndizithandiza nyumba zonse ziwiri.

"Ndikafike ndi chiyani, alamu? Nyumba ilibe denga. Anthu aja ankaima pamsewu adzaimanso, koma kudzaseka."

Anthu a m'mudzi muja atamva kuti zitsime za famu zatsekedwa, anayembekeza kuti madzi abwerera m'zitsime zawo. A boma anali atanena kuti zimenezo zitenga zaka zambiri, ndipo analonjeza galimoto ya madzi. Galimotoyo inkabwera ikafuna. Ndiye anthuwo anapangana zokumba zitsime zakale zija kuti zipite pansi, n'kusonkha kangachepe kolipira wokumba. Gelesomu anadzipereka. Kwathu ndiye anali katswiri wokumba zitsime za nazale ya fodya kudambo, koma za kwathu madzi umawapeza dzenje likangokupitirira mutu. Za kumeneko munthu akakhala pansi ankaona thambo ngati kambale.

Ankagona m'kanyumba kosungiramo zinthu kwa Mma. Ndinapita kukamuona Lamulungu lina, ndinamupeza ataonda, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Ndinasuzumira m'chitsimemo ndipo ndinaona kuti pamene miyala ya makolo inathera, kunsi kwake linali dothi lokhalokha losamanga.

"Mlamu, ichi si chitsime, ndi manda. Tuluka, ndikupezera ya basi."

Anaseka, n'kundigwiritsa dothi limene anatuluka nalo m'ndowa.

"Gwirani. Mwamva? Layamba kuzizira. Madzi ndikuwamva fungo, alamu. Ndikangowapeza, mudzi uno undipatsa mbuzi, mwinanso mkazi wachiwiri. Musakamuuze Naphiri."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa iye.

Linali dzuwa la masana, tikumanga paipi, pamene bambo wina anafika kuwaya pangolo ya abulu akukuwa. Sindinamve chilankhulo chake, koma ndinaona nkhope ya a Zgambo. Khoma la chitsime linali litagumuka. A Zgambo anatenga gulu lonse la kumapampu, ndipo Chipewa, ndisamunamizire, anatipatsa thirakitala, zingwe ndi matabwa osafunsa kanthu. Tinakumba mosinthana, tikutchinga m'mbali ndi matabwa kuti dothi lisatikwirire nafenso. Poyamba ndinkaitana dzina lake. Kenako ndinasiya. Tinamupeza tsiku lotsatira, atagwada, fosholo ili m'manja. M'mawondo mwake munali matope. Madzi aja anali atawayandikiradi, koma chitsimecho palibe anafunanso kuchiona. Anachikwirira.

Ndinakwera pachulu chija kukaimba foni. Esinati atamva anangokuwa, foni n'kugwa. Anaitola anali atsibweni ake.

"Bwerani nayeni. Munthu sagona kuchilendo ngati galu."

Ndinayesa. Mapepala a Gelesomu anali atatha kale mphamvu, apolisi anatizunguza, ndipo a magalimoto onyamula maliro anatchula mtengo umene ngakhale titasonkha komboni yonse sitikanaufika. Dzuwa la kumeneko silidikira munthu. Mma anapempha akuluakulu a mudzi wawo, ndipo anatipatsa malo kumanda kwawo, pakati pa miyala. Chipewa anagula bokosi. A Zgambo anawerenga mawu a Mulungu m'Chitumbuka, ife tinaimba m'Chichewa, eni mudzi anaimba m'chilankhulo chawo.

Ndikanabwerera nthawi yomweyo, koma miyendo inalemera. Ndinkati ndikaganiza zotsika basi ndekha pamsewu pamene tinakwerera awiri, mtima unkandiuza kuti dikira chaka china. Ndinapitiriza kutumiza ndalama, zina za Esinati, zina za ana a Gelesomu. Pafoni Esinati anayamba kuyankha mwachidule: tili bwino, zafika, zikomo.

Famuyo sinapite patali. Zitsime zotsala zija zinayamba kutulutsa madzi a mchere. Masamba a mbatatesi ankapsa m'mphepete, ndipo pamunda pankatsala zoyera ngati phulusa. Tiyi ankamveka ngati wathiramo soda. A boma anabweranso kudzawerenga mamita, anapeza kuti bwana sanadumphe mlingo, koma zinali zitachedwa kale. Chipewa anagulitsa makina n'kusamukira kutauni kwa mwana wake. A Zgambo anakana kubwerera nane. Anali ndi mkazi kumeneko, ndipo anati, "Kukaya wakunimanya ni njani sono? Kumudzi akundidziwa ndani? Ndikafika adzandifunsa kuti mukufuna kwa yani."

Ndinafika kwa Njombwa m'nyengo ya nazale, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali ndi njinga, wailesi, mabulangete, ndi chikwama cha Gelesomu. Nyumba yanga ndinaipeza ya malata, yowala. Pafupi pake panali nyumba ya mlamu wanga, khoma lili pamawindo pomwe paja, m'kati mutamera nsenjere ndi chisoso. Naphiri anali atabwerera kwawo ku Mtunthama ndi ana, ndipo ndinamva kuti anakwatiwanso. Tiyanjane anandigwadira patali n'kundipatsa moni wa alendo.

Dambo nalo ndinalipeza lina. Pamene kale tinkatunga ndi chikho, anthu anali kutsitsa ndowa ndi chingwe. Pamjigo pankakhala mzere wa zidebe kuyambira m'mawa, amayi akukangana ndi abambo ofuna kuthirira nazale, mpaka komiti inayamba kuutseka ndi loko masana. Ndinayesa kufotokozera amuna anzanga zimene ndinaona kuchipululu. Mmodzi anati, "Kuno si ku Joni, kuno mvula imagwa," enawo anangoyang'ana kumbali. Makuponi atabwera dzina langa silinatulukenso. Anati wa ku Joni ndi wolemera kale.

Koma chinandipweteka si chimenecho. Anthu sankabwera kudzandilonjera monga amachitira munthu akachokera kutali. Ndikafika pabawo nkhani inkaduka. Mabulangete amene ndinagawira abale a mkazi wanga ndinawaona ena atayalira fodya. Tsiku lina ndinafunsa Esinati akusankha nyemba pakhonde.

"Kodi pamudzi pano ndalakwa chiyani?"

Anayankha osadzutsa mutu.

"Anthu akuti malata awa ndi Gelesomu."

Ndiye kuti zaka zonsezo, ine ndikuzula mapaipi padzuwa, kuno ankati ndinakhwimira mlamu wanga. Ankati n'chifukwa chake sindinabwere ndi mtembo, kuopa kuti aona chiwalo chimene ndinachotsa.

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine sindikuti kanthu, bambo a Tiyanjane. Ndikungoti munapita awiri."

Mkamwini alibe mizu. Ndinayamba kulongedza pang'onopang'ono, ndikuganiza zobwerera kumudzi kwa mayi anga, nyumba ndi malata ake ndiwasiyire eni ake. Esinati anaona koma sanandiletse.

Apongozi anali atakalamba kwambiri. Chifikireni sanatume mawu alionse kwa ine, ndipo chikwama cha mwana wawo anangochilandira kudzera kwa Esinati. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi salankhulana maso ndi maso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye ndinadzidzimuka masana ena, ndikumanga chigafa cha fodya kuti ndiwasiyire chili bwino, nditaona akubwera ndi ndodo yawo molunjika kwa ine. Anakhala pansi chapatali, atapenya kumbali. Ine ndinatsika pamtanda n'kunjuta.

"Bambo," anatero, "ndamva kuti kumene munaliko kulibe madzi."

"Kulibe, mayi."

"Ngakhale akumwa?"

"Akumwa omwe ndi ochita kuyeza."

Anakanda pansi ndi ndodo yawo.

"Za anthuzi ine ndilibe nazo ntchito, pakamwa ndi pawo. Ine changa n'chimodzi. Mwana wanga anafera m'dothi. Ndiye kuti analowa m'manda ndi dothi lakelo?"

Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Onse ankafuna kudziwa chifukwa chimene sindinabwere naye, osati mmene tinamuperekezera. Ndinawafotokozera zonse. Ndinati tsiku limene tinamutulutsa, mpope wa kukomboni unali utatsekedwa kale, ndipo m'mudzimo galimoto ya madzi inali isanabwere kwa masiku ambiri. Ndinakhala pakhomo pa Mma ndi mtembo uli pamphasa, wosazindikirika nkhope, ndikusowa pogwira. Kenako ndinaona anthu akubwera mumsewu wa kufamu, mmodzimmodzi, aliyense atanyamula chigubu chake. A ku Zimbabwe, a ku Mozambiki, a ku Lesotho, ena oti sanalankhulanepo naye. Ankangoika chigubu pakhomo n'kukakhala pansi. Mma anatulutsa ndowa imene ankasungira adzukulu ake, anaitereka pamoto kuti madziwo afunde. Tsiku limenelo kukomboni palibe anaphika, palibe anamwa, mpaka m'mawa mwake.

"Anamusambitsa ndani?"

"Ine, mayi, ndi bambo wina wa kwathu konkuno, a Zgambo. Ndi manja angawa."

"Kumutu komwe?"

"Kumutu komwe. M'makutu, m'maso, m'zikhadabo. Tinasintha madzi mpaka anatuluka oyera. Ndinamudzoza mafuta, ndinamupesa, ndinamuveka malaya anga a kutchalitchi. Anagona ali woyera ngati akupita kuukwati."

Apongozi anatembenuka, kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, n'kundiyang'ana kumaso.

"Zaka zonsezi ndimamulota ali ndi dothi m'maso, akundifunafuna osandiona."

Atatero anaika manja kumutu n'kuyamba kulira. Sikunali kulira kwa misozi chabe, kunali kubuma kwa maliro, kuja kumamveka kutsidya kwa dambo. Esinati anatuluka m'nyumba akuthamanga, anagwa pamiyendo ya mayi ake, nayenso n'kuyamba. Amayi anasiya zidebe pamjigo, abambo anasiya makheni othirira kunazale, mudzi wonse unakhamukira pachigafa panga.

"Kwagwanji? Ndani watisiya?"

Apongozi anayankha okha.

"Ndi Gelesomu. Lero ndiye wamwalira."

Amayi anawazungulira n'kulowa nawo m'nyumba. Abambo anakokera chipika pamthunzi, monga timachitira pasiwa, n'kukhala mondondozana. Ine ndinaima ndekha ndi luzi m'manja, osadziwa kolowera. Atsibweni ake a Esinati anandiyang'ana, anasendera pang'ono, n'kumenya pachipikapo ndi dzanja kuti ndikhale.